Injini Itagogoda Kumpoto kwa Boadzulu

Pali kaliridwe kena ka injini kamene sikachoka m'makutu mwanga. Papita zaka zoposa khumi, ndipo m'manja mwangamu mwadutsa mainjini ambiri, koma ndikangomva lole ya dizilo ikugogoda m'mawa kukuzizira, ndimapezeka ndabwerera panyanja mu Julaye wa 2011, nditagwada m'chipinda cha injini madzi akundinyowetsa mawondo, amalume akundiyang'ana osanena kanthu.

Ndakhala ndikufuna kuilemba nkhaniyi chifukwa chimene ndinalakwitsa tsiku limenelo ndimachionabe m'magombe mwathumu. Injini ikangosintha mawu, dzanja la makaniko limathamangira pa pampu yotumiza dizilo ku masilinda. Langanso linathamangira pomwepo.

## Zigubu zisanu

Za kusowa kwa mafuta kwa chaka chimenecho sindichita kukukumbutsani. Amagalimoto ankagona pa mizere, pomwe ife a kunyanja tinalibe ndi mzere womwe, poti boti sungalikoke kupita nalo pomwetsera mafuta. Tinkadalira diramu, ndipo diramu ikauma tinkadalira aliyense amene watulukira ndi chigubu.

Ndinkagwira ntchito pa maboti awiri okoka khoka limodzi, pa gombe lina la ku Mangochi. Maboti otere amayenda moyang'anizana, lililonse litagwira chingwe chake, khoka lili pakati chakumbuyo. Ayenera kukoka mofanana. Lina likafooka khoka limapendekeka, kukamwa kwake kumatsekeka, ndunduma n'kumadutsa pambali. Boti lililonse linali ndi injini ya masilinda 6, yakale ndithu koma yosamalidwa. Woisamalayo anali amalume, achimwene awo a mayi anga, munthu amene anakulira m'zipinda za injini za sitima ku Monkey Bay. Ine ndinali m'chaka chachiwiri pansi pawo. Tsiku lolowa m'madzi iwo ankakwera boti lina, ine lina.

Sabata imeneyo dizilo wa mu diramu anatsala wokwanira boti limodzi lokha, ndipo tinathira m'boti la amalume. Usiku abwana, eni mabotiwo, anafika ndi zigubu zisanu za malita 20. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapulumutsa mabanja khumi ndi angapo ku njala ya sabata yonse, ndipo zinalidi choncho m'maganizo mwa tonsefe. Kumene zachokera palibe anafunsa. Ndinathira zinayi mu thanki ya boti langa, imene inali itatsala pang'ono kuuma, mumdima, tochi ndili nayo kukamwa. Chachisanu chinatsala m'shedi.

## M'mawa uja

Tinafika kugombe cha m'ma 4 koloko, kuli chisanu cholowa m'mafupa. Amalume analiza boti lawo, linadzuka kamodzi n'kamodzi, n'kutsogola kukatenga alovi ena pa gombe loyandikana nalo. Ine ndinatsala ndi langa.

Ndinakhudza sitata. Injini inazungulira, kuzungulira, osagwira. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu, batire litayamba kale kulefuka, inatsokomola n'kugwira, koma magwiridwe ake anali odandaulitsa. Masilinda ena ankayaka ena akudumpha, boti lonse likunjenjemera, ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wolasa m'maso. M'kati mwa zonsezo munali kugogoda, ngati wina akumenya chitsulo ndi kahamala.

Apa ndi pamene ndinasocheretsedwa ndi chinthu choona. Ndinkadziwa kuti injini yovuta kudzuka, yotulutsa utsi woyera, kawirikawiri imakhala kuti taimingi, nthawi imene pampu imalowetsa mafuta, yachedwa. Utsi woyerawo ndi dizilo amene walowa mu silinda n'kutulukamo osapsa, ndipo zimatero mafuta akalowa pisitoni itayamba kale kutsika, mpweya ukuzizira. Mutu wanga unangoti coupling ya pampu, pamene imalumikizana ndi injini, yaterereka. Zigubu za dzulo zija sizinandidutse n'komwe m'maganizo. Masiku amenewo mafuta ndinkawatenga ngati madzi a pa mpopi: akakhala kuti akuyenda m'paipi, basi, alipo.

Alovi anali atakhala pa khoka atafunda zitenje ndi majekete. Kaputeni anasuzumira pa khomo la chipinda.

"Achimwene, tipita kapena sitipita?"

"Tipita. Ndipatseni mphindi khumi."

Ndinatenga sikuludiraiva n'kukanda kamzere kodutsa mbali zonse ziwiri za coupling, chifukwa amalume anandiphunzitsa kuti chinthu usanachisunthe uziyamba walemba pamene chili. Kenako ndinamasula mabawuti awiri, n'kusuntha kuti pampu izitsogola. Mamilimita atatu okha, kupitirira pang'ono kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Nditamanga n'kulizanso, utsi unachepa, masilinda onse anayamba kugwira. Kugogoda kunalipobe, koma ndinati injini ikatentha kusiya. Tinamasula chingwe.

## Khoka litalemera

Tinaponya khoka dzuwa likutuluka, kumpoto kwa chilumba cha Boadzulu. Boti loyenda lokha silivutitsa injini. Khoka likamira n'kuyamba kulemera ndi pamene injini imaulula zonse. Kaputeni atangowonjezera moto, kugogoda kuja kunasanduka chinthu china. Kahamala kaja kanatha, tsopano zinali ngati osula makasu asanu ndi mmodzi akumenya pa chitsulo chimodzi mopikisana. Ndinkakumva m'mapazi kudzera m'matabwa. Singano yoonetsa kutentha inayamba kukwera pang'onopang'ono, ine maso ali pomwepo, ndikudzilimbitsa mtima kuti iima.

Cha m'ma 8 koloko nyanja inayamba kuchita timizere toyera chakumwera. Wobadwira kunyanja aliyense amadziwa tanthauzo la injini kuzima mwera ukuwomba. Boti lopanda mphamvu limatembenuka lokha n'kupereka nthiti ku mafunde, ndipo ife tinali titamangika ku khoka lolemera. Amalume ankakonda kutikumbutsa chaka ndi chaka kuti Vipya, sitima yachitsulo yatsopano, inamira mwezi ngati womwewu mu 1946 n'kupita ndi anthu 145. Sankanena izi pofuna kutiopseza. Ankafuna tizidziwa kuti nyanja ya Julaye siseweretsedwa.

Boti lawo linali patali ngati kutalika kwa bwalo la mpira, injini yawo ikulira pansi pa mapazi awo, koma mphepo inawatengera phokoso lathu ndipo analimva. Ndinawaona ataima kumbuyo kwa boti akutsitsa dzanja mobwerezabwereza: chepetsani, chepetsani. Tinakweza khoka nthawi isanakwane, muli nsomba zosadzaza n'chidebe chomwe. Mabotiwo anayandikizana, matayala akale a m'mbali akulira pokhulana, ndipo amalume, munthu wa zaka zopitirira 60, anadikira funde liwakweze n'kudumphira kwathu.

Atatsikira m'chipinda ndinali nditagwira kale sipanala kuti ndiwapatse. Sanaiyang'ane n'komwe. Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chigwiriro n'kuchiika pa khutu. Silinda yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu ndi chimodzi, osafulumira, boti likuwagwedeza uku ndi uku.

"Ikanakhala nozo, ikanagogoda imodzi," anatero ngati akudzilankhulira, kunena kachitsulo kofaza dizilo mu silinda. "Izi zikugogoda zonse, mofanana."

Anamasula kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, mafuta n'kutsikira pa zala zawo. Anawatikita pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Ananunkhiza. Kenako anapaka pa chikhatho n'kumangochiyang'ana, ndipo nanenso ndinaona chimene ankaona: chikhatho chija chinkauma. Dizilo weniweni amaterera, ndipo amakhala pa khungu mpaka utamuchotsa ndi sopo.

"Mphwanga, mafuta awa achokera kuti?"

"M'zigubu zija anabweretsa abwana usiku, amalume."

Maso awo anatsika n'kupeza kamzere katsopano kowala pa coupling, mbali ziwiri zitasiyana.

"Wagwira pampu?"

"Eya, amalume. Ndinaona utsi woyera, ndiye ndinati yachedwa."

"Kuchedwa kulipo. Koma chachedwa si pampu. Zimitsa, ubweze pomwe unaipeza."

Kuzimitsa injini pa nyanja yotero si nkhani yaing'ono. Anayamba akuwira boti linalo kuti litiponyere chingwe, litikoke pang'onopang'ono mphuno yathu iziyang'ana ku mafunde. Kenako ndinazimitsa. Chete amene anagwa m'chipindamo anali woopsa kuposa kugogoda kuja, umangomva madzi akumenya matabwa. Ndinamasula mabawuti manja akunjenjemera, ndinabweza mpaka timizere tiwiri tija titakumana n'kukhala kamodzi.

Pamenepo anzathu anali atapopa dizilo mu thanki yawo n'kudzaza chigubu chimodzi, anatipatsira pa chingwe. Amalume anazula paipi yochokera ku thanki yathu n'kuiviika m'chigubumo, pamodzi ndi yobweza mafuta otsala. Tinakhuthula fyuluta, ine ndikupopa kapampu ka dzanja mpaka thovu litatha ndipo fungo litasintha.

"Liza."

Inagwira msanga, poti inali yotentha kale. Kwa kanthawi inagogodabe, ikumaliza zotsalira za m'mapaipi a nozo. Kenako, ndili chigwadire pomwepo, ndinamva mawu akufewa, silinda ina kenako ina, ngati kwaya imene yapeza nyimbo. Injini yomweyo, pampu yomweyo, pa mzere womwewo pamene m'mawa inkakana kudzuka. Chosintha chinali chigubu chokha.

Amalume anapukuta manja pa chisanza n'kuloza ndi chibwano flywheel, gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini, pamene pali mzere wa taimingi.

"Mzere uwo umakuuza nthawi imene mafuta alowa. Nthawi imene moto uyake amanena ndi mafutawo."

## Kanthawi kapakati

Mawu amenewa ndinakhala nawo miyezi ndisanawamvetse mpaka pansi. Ndinawamvetsa nditakhala pansi ndi pensulo n'kuyamba kuwerengetsa.

Injini ya dizilo ilibe pulagi. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utsale pa gawo limodzi mwa magawo 16 kapena 17 a malo amene unali, ndipo kupanikizako kumautenthetsa kupitirira madigiri 500. Nozo imafaza dizilo ngati nkhungu mu mpweya wotenthawo. Koma sayaka pomwepo. Timadontho tija tiyambe tatentha, tisanduke nthunzi, tisakanikirane ndi mpweya, ndiye moto ubuke. Kanthawi ka pakati pa kulowa kwa mafuta ndi kubuka kwa moto akatswiri amakatcha ignition delay. Mafuta akakhala abwino, injini ili yotentha, kamakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi imodzi.

Kumva choncho kamaoneka ngati kopanda ntchito. Koma injini yathu pokoka khoka inkazungulira maulendo 1,500 pa mphindi, kutanthauza maulendo 25 pa sekondi. Pa kanthawi kakang'ono kaja crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa, imakhala itayenda madigiri 9. Flywheel yathu inali ya masentimita 40 kudutsa pakati, ndiye digiri imodzi m'mphepete mwake ndi mamilimita atatu ndi theka. Madigiri 9 ndi masentimita atatu athunthu, oti ungawapime ndi zala ziwiri. N'chifukwa chake opanga injini amaika mzere pisitoni isanafike pamwamba penipeni. Pa yathuyo unali pa madigiri 20. Amapatsa mafuta mpata woti akonzeke, kuti mphamvu yaikulu ya moto ipeze pisitoni itangodutsa pamwamba, ikuyamba kutsika. Koma poika mzerewo amakhala ali ndi mtundu wina wake wa dizilo m'maganizo. Mzere uja ndi pangano la pakati pa wopanga injini ndi mafuta. Ukabweretsa mafuta ena, panganolo lasweka ngakhale sunakhudze bawuti ndi limodzi lomwe.

Nanga kugogoda kumachokera kuti? Pampu siidikira moto. Mafuta akachedwa kuyaka, nozo imapitiriza kufaza, ndipo dizilo wosapsa amaunjikana mu silinda. Amene munathirapo palafini pa mbaula, machesi n'kukana kawiri katatu, mukudziwa zimene zimachitika kamtengo kachinayi kakagwira: zonse zimabuka nthawi imodzi, phuu, mpaka nsidze kupsa. Mu silinda ndi chimodzimodzi, kungoti mulibe kothawira, ndiye kubukako kumamenya pisitoni ndi mutu wa injini ngati hamala. Kukakhala kozizira ena mwa mafutawo sayaka n'komwe, amatuluka ngati utsi woyera. Ndiye mafuta amodzi omwewo anandipatsa zizindikiro ziwiri pamodzi, ndipo ine ndinamvera chimodzi. Ndikanadekha ndikanakumbukira kuti pampu ikachedwadi injini imalira mofewa, mwaulesi. Siigogoda. Utsi woyera ndi kugogoda zikabwera limodzi, pa masilinda onse, tsiku lotsatira kuthira mafuta achilendo, woyamba kufunsidwa ndi thanki.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mamilimita atatu aja. Pampu imazungulira kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri, choncho digiri imodzi pa pampu ndi madigiri awiri pa injini. Pa coupling ya masentimita 10, mamilimita atatu ndi madigiri atatu ndi kachidutswa, amene ku crankshaft ndi pafupifupi 7. Mafuta amene amayenera kulowa pa 20 ndinawalowetsa cha pa 27, mu mpweya umene unali usanapanikizike ndi kutentha mokwanira. Kanthawi kodikira kaja kanatalikirapo, mafuta anaunjikana ochuluka kuposa poyamba, ndipo kubuka kwake kunkapeza pisitoni isanatembenuke. Zili ngati kukankha katungwe akubwerabe kwa iwe. Mphamvu yako siimupititsa patsogolo mwanayo, imangothera m'mikono mwako ndi m'zingwe. Mu injini zingwe zake ndi mabering'i, maring'i ndi gasiketi.

## Nambala imene siilembedwa pa chigubu

Khalidwe la mafuta loyaka msanga akapanikizidwa lili ndi muyeso wake, umatchedwa cetane number. Nditaumva koyamba ndinadabwa kuti amaupima ndi injini yeniyeni, ya silinda imodzi, yozungulira maulendo 900 pa mphindi. Amalowetsa mafuta pa madigiri 13 pisitoni isanafike pamwamba, n'kumasintha kupanikiza mpaka moto uzibuka pamwamba penipeni. Akatero amafananiza ndi mafuta awiri odziwika osakanizidwa mosiyanasiyana: cetane, woyaka msanga, amene anapatsidwa 100, ndi heptamethylnonane, waulesi, amene anapatsidwa 15. Ndiye nambala yonseyo ikunena za kanthawi komweko kamene amalume anandilozera ndi chibwano.

Ku Ulaya dizilo wa pamsewu saloledwa kutsika pa 51. Ku America malire ake ndi 40. Dizilo woyera wa sitima zapamadzi, pa muyeso wa ISO 8217, mtundu wotchedwa DMA, amayenera kukhala ndi cetane index yosachepera 40. Injini yaing'ono yothamanga, ngati za m'maboti athu, ndi imene imavutika msanga nambalayi ikatsika, makamaka m'mawa kukuzizira.

Petulo ndiye mdani weniweni pa nkhaniyi. Iye amapangidwa dala kuti azikana kuyaka ndi kupanikiza, azidikira pulagi, ndipo nambala ya octane imene timamva ija imapima kukana kumeneko. Petulo wabwino kwambiri ndiye dizilo woipa kwambiri. Palafini yekha sachedwetsa moto kwambiri choncho, koma ali ndi vuto lake: ndi wouma. Ma plunger, timapisitoni ta mu pampu, ndi singano za mu nozo zimatereretsedwa ndi dizilo yemweyo amene zikupopa, ndipo mpata wa pakati pa zitsulozo ndi waung'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi. Mafuta ouma amazidya mwakachetechete, ndipo bilu yake imabwera miyezi itapita, mwini boti ataiwala kale za chigubu chotchipa chija.

## A sitima zikuluzikulu amatani

Pali mbali ina imene ndiyenera kuinena mwachilungamo. Ganizo losuntha taimingi chifukwa cha mafuta ochedwa kuyaka si lamisala. Mainjiniya a sitima za panyanja zamchere amachita zimenezo, ndipo mainjini awo ambiri ali ndi njira yosinthira nthawi yolowetsa mafuta injini ikuyenda. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amapima. Silinda iliyonse ili ndi kampopi kolumikizapo chipangizo choonetsa mphamvu ya moto ndi digiri imene yafikira pachimake. Amasuntha pang'ono, apime, asunthenso. Ine ndinasuntha madigiri 7 mumdima, chopimira changa chili utsi.

Komanso iwo nthawi ali nayo. Injini ya Emma Maersk, sitima yonyamula makontena imene inayamba ntchito mu 2006, ili ndi masilinda 14, iliyonse masentimita 96 kudutsa pakati, ndipo imazungulira maulendo 102 okha pa mphindi. Kanthawi kamene kwa ife ndi madigiri 9, kwa iyo sikafika ndi digiri imodzi yomwe. N'chifukwa chake mainjini otere amatha kudya mafuta akuda olemera ngati phala, otsalira poyenga, oti ayambe atenthetsedwa kupitirira madigiri 100 kuti adutse mu nozo. Mafuta amenewo sangapimidwe mu kainjini ka cetane kaja, ndiye amawerengetsa nambala ina, CCAI, kuchokera ku kulemera ndi kukhuthala kwake. Iyo imayenda mosemphana: ikakwera, mafutawo ndi aulesi, ndipo pa mitundu yokhuthala kwambiri malire ake ndi 870. Kuyambira pa 1 Januwale 2020, pamene bungwe loona za sitima padziko lonse la IMO linatsitsa sulfure wololedwa kuchoka pa 3.50 kufika pa 0.50 peresenti, mafuta a sitima akhala osakanizasakaniza, a doko lina kusiyana ndi a doko lina, ndipo nkhani ya kayakidwe yakulirakulira.

Chimene ndinatengako kwa iwo ndi chizolowezi chimodzi chosafuna ndalama. Sitima ikamamwa mafuta amatapako m'mabotolo, n'kumata, n'kulemba tsiku ndi doko, ena n'kutumiza kokapimitsa. Amapewanso kusakaniza atsopano ndi akale mu thanki imodzi asanawadziwe. Ine kokapimitsa ndilibe, koma botolo loyera lagalasi ndili nalo. Chigubu chilichonse chachilendo ndimatapako, masana kukuwala, ndione mtundu, nditikite, ndinunkhize, ndidonthezere pa pepala loyera, ndisiye botolo ligone kuti ngati muli madzi atsike pansi. Mumdima sindithiranso mafuta mu thanki ya munthu.

## Mbale ndi machesi

Tinafika kugombe masana, pang'onopang'ono, pa chigubu chimodzi chija. Abwana anali akudikira pamchenga. Atamva nkhani sanakalipe, koma anafunsa funso limene aliyense wolowetsa ndalama zake akanafunsa: malita otsala mu thanki aja, pamodzi ndi chigubu cha m'shedi, sitingamawasakanize pang'onopang'ono ndi dizilo wabwino akapezeka?

Amalume sanayankhe ndi pakamwa. Anandituma mbale ziwiri zachitsulo. Mu imodzi anathira pang'ono dizilo wa m'boti lawo, mu inayo za m'chigubu chachisanu, n'kuziika pamchenga kutali ndi maboti ndi makoka. Anayatsa machesi n'kuyandikiza pa mbale yoyamba. Palibe chinachitika. Anagunditsa kamtengoko m'mafutamo, kanazima. Dizilo satulutsa nthunzi yogwira moto pokhapokha atatentha kupitirira madigiri 55, ndipo pa sitima za panyanja zamchere lamulo limafuna 60. Palafini nayenso pa kuzizira kwa Julaye sakanagwira.

Anayatsa kachiwiri. Dzanja lisanafike ndi pa mbale pomwe, moto unalumpha kudzakumana nalo. Alovi amene anaunjikana pafupi anabwerera m'mbuyo.

"Muli petulo umu, bwana," anatero amalume motsitsa mawu. "Injini tikhoza kugula ina. Koma thanki ili m'chipinda chotsekeka, ndipo anyamatawa amaphika nsima pa mbaula pamwamba pake."

Abwana anayang'ana mbale ija mpaka moto utatha. Madzulo omwewo tinakhuthula thanki yonse.

Tinakhala masiku khumi ndi limodzi osalowa m'madzi. M'masiku amenewo tinatsegula mutu wa injini, ndipo tinapeza gasiketi itayamba kupsa pakati pa silinda yachitatu ndi yachinayi, kamzere kakuda kopyapyala ngati ulusi. Amalume anandipatsa kuti ndiigwire, osanenapo kanthu. Ili m'bokosi langa la zitsulo mpaka lero.

Titamanga mutu anati kamzere kanga kokanda sikokwanira, taimingi tiitsimikize mwa njira yake. Tinachotsa delivery valve ya silinda yoyamba, kavalavu kotulukira mafuta pa pampu, n'kumangapo kapaipi kopindika ngati khosi la kakowa. Iwo ankapopa kapampu ka dzanja, dizilo woyera wa mu diramu yatsopano akutuluka pa kapaipiko, ine ndikuzungulitsa flywheel ndi chitsulo, pang'ono, pang'ono, pisitoni ikukwera. Mafuta anayamba kuchepa, anasanduka madontho, dontho, kenako lina patapita kanthawi.

"Pang'ononso. Usapume mwamphamvu."

Ndinakankha ngati sindikukankha. Dontho lomaliza linalendewera pa nsonga ya kapaipi osagwa. Amalume anawerama n'kuwalitsa tochi pa kazenera ka flywheel. Kamuvi kanali pa 20.

"Manga," anatero.